Chofunda Chopanda Mfundo

Benedicta ndinamudziwira pa khoma. Nyumba za ku Al Furjan, ku Dubai, zimagundana misana, ndipo kuseri kwa khitchini iliyonse kuli kampata kopapatiza koyanikako zovala, komwe makina oziziritsa m'nyumba amalavulira mpweya wotentha usana wonse. Ine ndinkalera ana m'nyumba ya kumanzere, iye ankagwira ntchito kwa amwenye a kumanja. Tsiku lina ndikuyanika zovala ndinamva munthu akuyimba chapansipansi nyimbo ya ku Misa, m'Chichewa. Ndinavundikira ndowa, n'kukwerapo, n'kusuzumira. Ndinaona mayi wamfupi, wa mpata kumano, atakhala tambalale pa simenti, singano ali kukamwa, tizidutswa ta nsalu tili mbwee pamiyendo.

"Kwanu n'kuti, amayi?" ndinafunsa.

Anachotsa singano kukamwa n'kundiyang'ana bwinobwino. "Ku Ntcheu, kwa Kampepuza. Nanga inu, imvi zonsezo, mwakwera pa ndowa ya eni ake ngati mbuzi yoba ufa?"

Chibwenzi chathu chinayambira pamenepo. Iye ankanditchula mfunda wanga, aNachisale, ine ndinkamuti amake Khumbo, chifukwa Khumbo ndiye anali mwana wake mmodzi yekhayo.

Bambo ake anali telala wa pakhonde la sitolo, wa makina opalasa ndi phazi. Benedicta anakulira pansi pa makinawo, akutola zodukaduka zomwe sizasi inkagwetsa. Kwathu chigamba ndi manyazi, chimaulula kuti m'nyumba mulibe. Koma iye ali ndi zaka zisanu ndi zinayi anali atalumikiza kale zigamba zokwana kufunda iye ndi mkulu wake Esther m'nyengo ya chisanu, ndipo sanalekenso. Anakwatiwa akusoka, anaika mwamuna wake m'manda akusoka, ndipo atabwera ku Dubai kudzasaka ndalama za sukulu ya Khumbo, m'chikwama chake munali singano zisanu zobayidwa pa kachikopa.

Lachisanu, tsiku lake lopuma, ankakwera sitima ya Metro mpaka ku Deira, dera la misika. Kumeneko kunali telala wachikulire wa ku Pakistan yemwe ankamusungira zodukaduka m'jumbo, iye n'kumusiyira mandasi. Akabwera nazo ankazichapa, kuzisita, kenako n'kuzidula motsata kachikatoni ka bokosi la tiyi, kuti zonse zikhale zofanana mbali zinayi. Akatero ankaziyala pansi m'kachipinda kake, kamene bedi linkadya theka. Zinkakhala pamenepo ngakhale sabata yathunthu. Ankazilumpha popita kukagona, n'kuzilumphanso podzuka, ndipo tsiku lililonse ankasuntha kachidutswa kamodzi kapena tiwiri.

"Nsalu zili ngati akazi a pamitala," ankatero. "Zina mukaziyandikanitsa zimayambana. Muzisiye pansi kaye, zikuuzani zokha kuti ndani angagone pafupi ndi ndani."

Sankasoka chinthu chimodzi pa nthawi. Panali chofunda cha nsalu zakale za Madamu, bwana wake wamkazi, choterera movuta, chomwe ankasokera mnzake wa ku Uganda. Panali china cha malaya a malemu mwamuna wake, chomwe ankachitulutsa, kusokapo msoko umodzi, n'kuchibwezanso pansi pa bedi. Chimenecho ndinachoka ku Dubai chisanathe. Mliri wa korona utafika anasoka masiki a chitenje a alonda onse a pageti, mpaka mnyamata wa ku Nepal ankatsegulira magalimoto atavala mbalame za ku Limbe pakamwa.

Koma chomwe ndikufuna kusimba ndi chaching'ono, cha buluu ndi chikasu.

Mu Disembala, mliri usanamveke, Khumbo anatumiza mawu kuti wayamba kudana ndi fungo la usipa. Benedicta anamva tanthauzo lake. Kwa ine sanatchule kuti mwana ali ndi pakati, poti zoterezi sitizitchula poyera. Anangoti, "Kumudzi kuli matenda abwino." Koma sanamwetulire. Mimba yoyamba ya Khumbo inali itapita padera ili ndi miyezi isanu, iye ali kuno akukolopa masitepe a anthu.

Patapita masabata angapo anandikwezera pamwamba pa khoma mzere woyamba wa zigamba kuti ndione. Kumaso kunali kosalala ngati kwa makina. Nditatembenuza ndinapeza kumbuyo kuli nyankhalala, ulusi ukulendewera paliponse, wautali ngati chala.

"Amake Khumbo, mwayamba ulesi? Bwanji simukumanga ulusiwu?"

"Ichi sichimangidwa."

"Chisomoka."

"Sichisomoka. Poyambira ndikubwerera m'mbuyo katatu, pothera katatunso. Chikugwira. Koma mfundo ayi."

Tsiku limenelo ndi pomwe anandiuza za Esther. Mkulu wakeyo anadwala matenda a uchembere masiku awiri, mwana osatsika. Pamene anamukweza pa ngolo kuti apite naye kuchipatala, zinali zitachedwa, ndipo anatsirizikira m'njira. Amayi achikulire posambitsa thupi anapeza kiyi wa nyumba atamumangira pa ngodya ya chitenje, mfundo yolimba ngati mwala. Anayang'anana, mmodzi n'kunena kuti, "Anadzimanga yekha mwanayu." Benedicta, wa zaka khumi ndi ziwiri, anali pakhomo ndi ndowa ya madzi, ndipo anamva.

"Ine ndine wa Katolika, aNachisale, mukudziwa," anatero. "Anamwino anadzatiuza kuti mwana anagona chopingasa, si za kiyi. Ndikuvomera. Wapakati asamange mfundo, zovala za mwana wosabadwa zisakhale ndi mfundo, ndi zakale zimenezo. Koma inali mfundo imodzi yokha ija. Imodzi."

Sindinamutsutse. Inenso kwathu ku Dedza ndinakula ndikumva zomwezo, ndipo ana anga asanu ndi mmodzi ndinawabala duku lili lopinda chabe.

Mu Malichi ndege zinaleka kuuluka. Mu Epulo tinatsekeredwa m'nyumba usana ndi usiku, munthu osatuluka popanda chilolezo cha polisi, magalimoto akupopera mankhwala m'misewu yopanda anthu. Mbali ina ya Deira anaitchinga ndithu, ndipo telala uja foni yake sinayankhidwenso. Zodukaduka zitatha, Benedicta anadula chitenje chomwe anavala pokwera ndege ku Lilongwe, chachikasu cha maluwa a mpendadzuwa. Kenako anadulanso diresi lake la buluu la kutchalitchi, n'kunena kuti Mulungu amvetsa, poti tchalitchi chenichenicho chinali chotseka.

M'nyumba mwawo munatsekeredwanso mlendo. Anali mayi ake a Madamu, omwe anabwera kuchokera ku India kudzacheza mwezi umodzi, njira yobwerera n'kuwatsekekera. Adzukulu ankawaitana Nani.

"Agogo opanda dzina," Benedicta ankaseka. "Ukafunsa kuti ndani, akuyankha kuti Nani."

Anali mayi woonda, wowerama pang'ono, wa tsitsi loyera mbee lolukidwa chingwe chimodzi chofika m'chiuno. Chingerezi sankachidziwa, kupatula mawu owerengeka. Mwana wawo ndi mkamwini ankatandala pa makompyuta m'zipinda zam'mwamba, adzukulu nawo pa sukulu ya pakompyuta, ndiye a Nani ankangoyendayenda m'nyumba ngati nkhuku yosowa poikira. Anadzapeza malo m'chipinda chochapira, momwe Benedicta ankasokera masana akamaliza mbale. Ankakhala pa kampando n'kumaonerera. Maso awo anali atafooka, koma zala zinkaidziwa nsalu. Ankasisita msoko, n'kugwedeza mutu uku ndi uku, "Achha, achha," kutanthauza kuti zili bwino. Kawiri konse anagwira ulusi wolendewera uja n'kuyang'ana Benedicta mofunsa. Iye ankangoyankha ndi dzanja kuti pambuyo pake, pambuyo pake. Akanawafotokozera m'chilankhulo chanji?

Benedicta amayenera kupita kumudzi pa tchuthi mu Juni, kuti tsiku likadzafika akakhale pambali pa mwana wake. Juni anafika, bwalo la ndege la kwathu lili chitsekere. Ndipo mliri, womwe kuno unali utayamba kuzizira, kumudzi ndi pomwe unayamba kukolera. Mafoni a pa WhatsApp ku Dubai salowa, timangotumizirana mawu ojambula, ndiye Benedicta ankakhala ndi foni m'thumba la epuloni, ikangonjenjemera iye n'kusiya chilichonse. Mawu anabwera akuti miyendo ya Khumbo yatupa. Ena anabwera akuti magazi akuthamanga, anamwino amuuza kuti akadikirire kuchipatala. Enanso akuti kuchipatalako akulola womudikirira mmodzi yekha, naye azikhala panja, ndipo amene wapita ndi azakhali a Maxon, mwamuna wa Khumbo, mayi wogontha khutu limodzi amene Benedicta sankamudalira ngakhale kuphika phala.

Anayamba kuonda. Epuloni analeka kuimanga, ankaigwiriza ndi pini. Majumbo a zinyalala ankangowapotokola kukamwa n'kuwanyamula choncho, mpaka Madamu anadandaula kuti m'bini mukununkha.

"Nanga nsapato za ana a eni ake mukumanga bwanji?" ndinamufunsa pofuna kuti aseke.

"Sakutuluka, sakuvala nsapato. Mulungu ndi wabwino."

Chofunda cha zigamba chimakhala ndi nsalu zitatu: zigamba pamwamba, bulangete lakale pakati, nsalu yamphumphu pansi. Kuti zitatuzi zigwirane, Benedicta ankabaya ndi singano wamkulu pa mphambano iliyonse ya zigamba, kulowetsa ulusi wokhuthala wolukira majuzi, kuubweza pamwamba, n'kumanga. Kumayambiriro kwa Julayi anafika pamenepo. Anabaya malo zana limodzi ndi makumi awiri, analowetsa ulusi woyera monsemo, koma nsonga zake anazisiya zili chiimire ziwiriziwiri, zosamanga, kudikira kuti amve kuti Khumbo wachira. Chofundacho anachiyala pa thebulo lositira, n'kuchivindikira ndi thaulo.

Linali Lachiwiri. M'mawa ndikutulutsa zinyalala ndinamupeza ali kale pa khoma. Ananditsegulira mawu a Maxon, olankhula mwaulemu monga mkamwini kwa apongozi. Matenda anali atayamba dzulo lake madzulo, Khumbo anali m'chipinda chochirira, koma mpaka kunja kwacha panalibe chomwe chachitika. Benedicta anali atayankha kale katatu. Pa mawu ake onse atatu panali kachizindikiro kamodzi kotuwa, kosonyeza kuti sanafike.

"Foni yamuthera moto basi," ndinatero. "Amuna ndi choncho."

"Maola khumi ndi awiri akwana, aNachisale."

"Woyamba amachedwa. Pitani mukagwire ntchito, manja akatanganidwa mtima umapuma."

Anapita m'mwamba kukatsuka mabafa ndi kusintha zofunda za m'mabedi. Zimenezo zinamutengera m'mawa wonse, chifukwa pa chipinda chilichonse ankaima n'kuyang'ana foni.

Cha m'ma 12 koloko ndinamva dzina langa likuitanidwa ndi mawu omwe sindinawazindikire. Ndinakwera pa ndowa. Benedicta anali ataima padzuwa lowotcha lija, wopanda nsapato, nkhope itatuwa ngati wagwa m'phulusa, chofunda chili m'manja.

"Amanga," anatero.

"Ndani? Amanga chiyani?"

Anachikweza. Pa mphambano iliyonse panali kamfundo koyera, kozungulira ngati nsawawa. Zonse, kuyambira ngodya mpaka ngodya. A Nani anali ataona kuti mtsikana wantchito akusowa nthawi yomalizira chofunda chake, ndiye anakhala pansi m'mawa wonse n'kumuthandiza. Anamanga kawirikawiri, akunyowetsa ulusi ndi malovu kuti ugwire, kenako n'kudulira nsonga zonse bwinobwino kuti zifanane.

"Tengani sizasi," ndinatero. "Dulani zonse, mulowetsa ulusi wina."

"Kudula?" Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. "Mfundo sadula, amamasula. Mukufuna kumeneko chiduke n'chiyani?"

Ndinadziwa kuti ndalankhula mopusa.

Nthawi yomweyo chitseko cha khitchini chinatseguka, a Nani n'kutuluka akumwetulira, zala akuzipinda ndi kuziwongola kusonyeza kuti zatopa. "Khalas," anatero, akuloza chofunda. Ntchito yatha. Ankadikira kuthokozedwa.

Ndinayang'ana Benedicta. Awa anali mayi a Madamu, komanso munthu wamkulu. Sakanawakalipira, ndipo ngakhale akanafuna, analibe mawu oti amve. Anagwada pa simenti yotentha ija. Anadziloza pachifuwa, n'kutchula liwu limodzi lomwe anatola m'nyumbamo, lotanthauza mwana wamkazi: "Beti." Anajambula mimba yaikulu ndi manja patsogolo pake. Analoza kutali, kupitirira madenga. Kenako anagwira pamimba, n'kufinya nkhope ngati womva ululu, n'kuloza pansi kuti lero, tsopano lino. Pomaliza anagwira kamfundo kamodzi pa chofunda, n'kukokera manja ake awiri mbali zosiyana, mwamphamvu, mpaka zala zinayera.

Ine pamwamba pa khoma ndinkati gogoyu samva kanthu, aziyesa misala ya anthu akuda.

Kumwetulira kunazima pang'onopang'ono. A Nani anayang'ana mfundo, anayang'ana mimba ya m'malere yomwe Benedicta anajambula, n'kudzimenya pachipumi ndi chikhatho, phaa. Analankhula mawu ambiri ofulumira m'chilankhulo chawo. Kenako anagwira chingwe cha tsitsi lawo, n'kuchimasula kuyambira kunsonga, tsitsi loyera lija n'kumwazikira pamapewa. Anagwira ngodya ya nsalu yawo yodzikulunga, pomwe ankamangirira makiyi a sutikesi, n'kuimasula ndi mano. Makiyi anagwa pa simenti, ngwee.

Benedicta anayang'ana makiyiwo nthawi yaitali, osaphethira.

Gogoyo sanadikire. Analowa m'nyumba akuthamanga mmene msana wawo unkalolera. Anatsegula chitseko cha khitchini mpaka kumapeto n'kuchitchinjiriza ndi mpando. Anatsegula cha kumaso, mazenera, makabati onse, madilowa. Anavundukula mapoto. Anamasula zingwe za makatani. Mpweya wozizira unatuluka m'nyumbamo mpaka kundiomba kumaso pa khoma, ndipo kudzera pa zitseko zotsegukazo ndinkaona mpaka m'kati. Kenako anabwerera, anakoka Benedicta pa dzanja, n'kumukhazika pansi pa khitchini, chofunda pakati pawo. "Jaldi," anatero. Fulumira.

Madamu anatsika masitepe zomvera za kompyuta zili m'makutu.

"Ndani watsegula zonsezi? Benedicta, kunja kuli moto, mukufuna makina apse? Mami, tsitsi lanu latani?"

A Nani sanadzutse mutu. Anayankha mawu ochepa, aukali, ngati akulankhula ndi kamwana kosamva. Madamu anaima kukamwa kuli yasa. Anachotsa zomvera zija.

"Mwana wako ali mu leba? Chiyambire liti? Bwanji sunanene?" Anayang'ana makabati ali pululu, n'kupumira m'mwamba. "Kumudzi kwa amayi amachita zimenezi mkazi akamavutika pobereka. Amamasula chilichonse. Pobadwa ine akuti anamasula ndi ng'ombe zomwe m'khola." Anatulutsa foni yake. "Ndipatse nambala, ndiimbe mwachindunji."

Anaimba kanayi. Nambala ya Maxon sinkapezeka. Ya Khumbo inali yothima. Azakhali aja analibe foni. Madamu anakwera m'mwamba, n'kubwera ndi kachitsulo kozulira nsidze. Anakhala pansi pa matailosi ndi buluku lake la ku ofesi, n'kukokera ngodya imodzi ya chofunda pamiyendo pake.

"Sindikhulupirira zimenezi," anatero kwa Benedicta.

"Inenso, Madamu."

Mfundo za ulusi wa juzi zomangidwa chonyowa sizimasuka mwamasewera, makamaka nsonga zikadulidwa. Pamafunika kulowetsa singano pakati penipeni, kugwedeza pang'onopang'ono, osadula ulusi, mpaka kakhutu katuluke koti n'kugwira ndi zikhadabo kapena mano. Imodzi inkatenga mphindi zitatu, ina zisanu. A Nani, osaona bwino, ankafufuza ndi zala, ndipo ndi iwo ankafulumira kuposa onse, poti ankadziwa mmene anamangira. Ikamasuka ankanena kanthu kena chapansipansi, ndikuganiza dzina la mulungu wawo. Benedicta ankanena Tikuoneni Maria, kufika pakati n'kuyambiranso, chifukwa maso anali pa foni yomwe anaigoneka chagada pambali pa bondo.

Ine ndinali ndi ana a eni ake oti ndiwadyetse ndi kuwagoneka. Ndinkalowa, kuchita chochita, n'kubwereranso pa ndowa.

"Zingati?"

"Makumi atatu ndi zinayi."

"Foni?"

"Kamodzi komwe kaja."

Cha m'ma 2 koloko anali atadutsa theka. Singano anali atabaya Benedicta pansi pa chikhadabo, ndipo ankayamwa chalacho pafupipafupi kuti magazi asadonthere pa chikasu. Thukuta linkayenderera m'khosi mwa onse atatu. Bwana anatsika kudzafunsa za chakudya, anaona akazi atatu ali pansi, apongozi ake tsitsi lili nyankhalala, mapoto ali chivundukulire, ndipo anabwerera m'mwamba ndi nthochi ziwiri.

"ANachisale," Benedicta anaitana osandiyang'ana. "Kumudzi tsopano ndi 12 koloko. Esther ankati akumva kuzizira nthawi ngati ino."

"Khumbo si Esther. Ali m'chipatala, pali madokotala, pali magetsi."

"Ali yekha. Akafuna madzi auza ndani? Onse avala zotseka kumaso, sadziwa n'komwe akumugwira ndani."

"Masulani, amake Khumbo. Zolankhula tilankhula madzulo."

Inafika 3 koloko, inafika 4. Madamu zala zinachita dzanzi, anapita kukaimbanso, anabwerera akupukusa mutu. Mfundo ina pakati penipeni inakana. A Nani analimbana nayo ndi mano mpaka m'kamwa munatuluka magazi, Benedicta n'kuwalanda mwaulemu, n'kuilowetsa singano wochepa kwambiri. Inamutengera mphindi khumi. Itamasuka sanasangalale, anangogwira yotsatira.

Zitatsala zisanu ndi ziwiri, foni inawala. Tizizindikiro tija tinasanduka tiwiri, kenako tabuluu. Pamwamba panalembedwa kuti Maxon akujambula mawu. Zinazima. Zinabweranso. Zinazimanso.

"Akusowa ponenera," Benedicta ananong'ona. "Akufuna munthu wamkulu woti andiuze."

"Kapena netiweki," ndinatero.

Mawu anafika, a mphindi ziwiri. Benedicta anapukuta chala pa epuloni, anayesa kudina, chala chinaphonya. Madamu ndiye anadina.

"Amayi, mwaswera bwanji kumeneko," anayamba Maxon, pang'onopang'ono, mphepo ikuwomba pa foni. "Ife kuno taswera, kaya inu ndi mabwana anu. Pepani kwambiri kuti foni inathima, ndinachita kupita kumsika kukatchajitsa, ndiye kumeneko ndinapeza mzere, komanso njinga inaphwa tayala pobwerera..."

"Nenani, bambo inu," Benedicta anauza foniyo, mano ali chilumire. "Tayala ndi m'bale wanga?"

"...ndiye ndimati ndikudziwitseni monga kholo, kuti odwala aja zinavuta ndithu. Magazi anakwera, mwana anatopa. Cha m'ma 1 koloko adokotala anati sangadikirenso, ndiye anawatengera ku fiyeta. Ine anandisainitsa pawindo." Anatsokomola. Kumbuyo kunkamveka tambala ndi wailesi. Benedicta anali atagwira dzanja la a Nani, ndipo sindikudziwa ngati ankadziwa kuti waligwira. "Koma Mulungu ndi wamkulu, amayi. Achira. Mphatso ndi ya mwana wamkazi, walira bwinobwino. Ine sakundilola kulowa, koma anamwino ena achifundo alowa nayo foniyi, ndiye mumva mawu enawo."

Benedicta sanasunthe. "Achira," anabwereza, ngati liwu lachilendo. "Akuti achira. Koma iye mwini ali kuti? Bwanji sakulankhula?"

Foni inanjenjemeranso. Mawu a masekondi asanu. Poyamba kunangomveka kupuma ndi kulira kwa zitsulo. Kenako mawu aang'ono, olemera ndi mankhwala a tulo.

"Amayi. Ndilipo. Ndili ndi njala."

A Nani anamugwedeza phewa. "Beti? Beti?"

"Alipo," Benedicta anawayankha m'Chichewa. Gogoyo anayang'ana nkhope yake, n'kumva. Anaphimba kumaso ndi nsalu yawo, mapewa akugwedezeka. Madamu anauza mayi ake zotsalazo, akupukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja.

"Njala," anatero Benedicta. "Amung'amba pamimba, iye akuganiza za njala. Mwana ameneyu anatengera bambo ake." Anatenga foni kuti ayankhe. Anadina, anatsegula pakamwa, mawu sanatuluke. Anafufuta. Anayesanso, panangotuluka kamphepo. Kachitatu anadzuka, anayenda chogwira khoma mpaka pomwe ndinali, n'kundipatsira foni m'mwamba.

"Muwauze ndinu," ananong'ona. "Asamupatse kanthu mpaka anamwino alole. Akalola, phala la mgaiwa lamadzimadzi, lothira nsinjiro. Aphike okha a Maxon, osati azakhali aja."

Ndinakhazikika bwino pa ndowa, ndinakonza kukhosi, n'kudina.

"Bambo Maxon, muli kulankhula ndi aNachisale, a nyumba yoyandikana. Apongozi anu amva zonse, ali bwino, kungoti pakamwa pawathawa. Tsono tcherani khutu, pali ntchito yoti mugwire."